Nati ya pa habu: timange ndi paipi kapena ili ndi muyezo wake?

Yohane (Nchalo): Akuluakulu mwaswera bwanji. Tithandizeni maganizo, pano takangana kuyambira mmawa. Pali Sienta yakale ija imanyamula anthu Nchalo Ngabu, tasintha beringi ya tayala lakutsogolo kumanzere, nde pofika pa nati yaikulu ya pakati ija ya pa shafuti ya CV (shafuti yozunguza tayala kuchokera ku gearbox) mnzanga akuti tiike paipi tikwerepo mpaka ikane yokha, ine ndikuti ndinamvapo kuti nati ya pa habu (chitsulo chimene timamangapo tayala) sitimanga kwambiri imawotcha beringi, umamanga kenako nkubwezako pang'ono. Abwana athu ali ku Limbe kukagula ma spare foni sakuyankha ndipo mwini galimoto akuifuna madzulo ano. Cholondola nchiti?

Gift wa pa Dyeratu: aise mnzakoyo akunena zoona, imeneyo ndi ya paipi basi. ukaimanga mofewa tayala likusiya pa msewu ndi anthu mkati

Bambo a Mphatso: Ayi Gift osamusocheretsa mwanayo. Ine ndakhala pa minibasi nthawi yaitali, nati ya habu timamanga ndi dzanja kenako sipiliti pini. Ukakungitsa tayala silizungulira momasuka ndipo habu imatentha usanafike nkomwe pa Thabwa.

Gift wa pa Dyeratu: ndi dzanja? pa Sienta? bambo inu mukufuna anthu afe

Ruth Makaniko: Imani kaye abale. Nonse awiri mukunena zinthu zimene mwaziona ndi maso, koma mukunena magalimoto osiyana, ndipo apa mpamene ma beringi ambiri akufera ku chigwa kuno kenako timanamizira spare kuti ndi feki. Yohane, osabweza nati imeneyo ngakhale pang'ono. Komanso osakwerapo pa paipi.

Ma habu alipo a mitundu iwiri. Imene akunena bambo a Mphatso ndi ya kutsogolo kwa Hiace yakale, ma Hilux akale, ma trela ndi malole ambiri. Mmenemo muli ma beringi awiri osiyana, yamkati ndi yakunja, a ma roller opendekera aja, mumachita kuwatsuka ndi kuwapaka gilizi nokha. Pamenepo nati ntchito yake ndi kuchuna mpata wa pakati pa ma beringi awiriwo, nchifukwa chake ukamanga kwambiri umawapana amayamba kudyana. Koma Sienta, Vitz, Probox, Corolla, magalimoto okoka ndi matayala akutsogolo, beringi yake ndi imodzi yotsekeratu, ya mizere iwiri ya mipira, imalowa ndi press (makina okankhira) mu knuckle, chitsulo chimene chimanyamula habu. Mpata wake anauchuna kale ku fakitale. Mphete yake yamkati ili pawiri, ndipo chimene chimagwira zidutswa ziwirizo kuti zikhale pamodzi ndi nati yomweyo, ikamakoka shafuti ya CV kudutsa mu habu. Nati ikakhala yofewa zidutswazo zimatalikirana, mipira imayenda posayenera, mwezi sukwana mwayamba kumva kulira wuuu mukathamanga. Nde iyi imafuna kumangidwa zolimba zedi, koma ndi muyezo.

Yohane (Nchalo): Zikomo achemwali, apa ndamva. Nde muyezowo ndi wotani?

Ruth Makaniko: Ma Toyota ang'onoang'ono ngati Vitz ndi Corolla buku limanena 216 Nm (Nm ndi muyezo wa mphamvu yomangira nati), ena amalemba 159 ft-lb, ndi chimodzimodzi. Sienta yoyambirira ija, ya 2003 mpaka 2015, ndi ya banja la Vitz, komabe onani buku la galimoto yanuyo musanamange chifukwa si Toyota iliyonse ili pa 216, akuluakulu ngati Camry amafika 294. Soketi yake nthawi zambiri ndi 30 ya makona 12, ya makona 6 siyilowa.

Gift wa pa Dyeratu: mwaona nanga, 216 si ya paipi imeneyo? ma nati a tayala omwe timamanga tsiku ndi tsiku ndi 103 yokha. achemwali mwangonena zomwe ndanena ine

Aphunzitsi a ku Ngabu: Gift ndiloleni ndiikepo masamu pang'ono, ine si makaniko koma izi timaphunzitsa mkalasi. Mphamvu yopotokola ndi kulemera kuchulukitsa ndi kutalika kwa chogwirira. Munthu wa makilo 70 akaima kumapeto kwa paipi ya mita imodzi akuika pafupifupi 690 Nm pa nati, kuposa katatu muyezo umene achemwali anena. Ndipo apo wangoima chete. Anyamata a m'magalaja saima chete, amadumphapo. Kuti mupeze 216 pa paipi ya mita imodzi mumangofunika makilo 22 basi kumapeto kwake.

Gift wa pa Dyeratu: koma aphunzitsi chitsulo chimene chija ndi chachikulu, sichingamve 690

Madala a ku Bangula: Mwana wanga Gift, chimamva. Ine ntchito ya sipanala ndakalamba nayo ndipo ma CV amene ndawataya chifukwa cha mazinga okha ndi ambiri, joint ili bwinobwino koma kumapeto kwa shafuti mazinga atakokeka, nati yatsopano ikulowa mazinga awiri nkuima. Zimayamba chonchi, wina amakwera pa paipi lero galimoto nkupita, palibe chooneka. Tsiku limene mudzafune kumasula mpamene mudzadziwe, nati imatuluka ndi tizitsulo tonyezimira m'mazinga mwake. Mwini galimoto anabwera kudzasintha buti ya labala yokha akuuzidwa kuti agule CV yonse. Ndipo shafuti yokokedwa mopyola imatha kuthyokera pamene mazinga athera, galimoto ili pa liwiro. Beringi nayonso ikapanidwa mopyola muyezo imatentha, sikhalitsa.

Koma ndimvereni bwino, pa galimoto ngati ya Yohane chimene ndimachiopa kwambiri ndi nati yofewa, makamaka yobwezedwa ija. Anyamata ophunzira pa minibasi akafika pa Sienta amachita zimene dzanja linazolowera, amamanga nkubweza. Imeneyo ndiye imapha beringi msanga, ndipo habu imayamba kudyeka pamene mphete imakhala, mukadzaika beringi ina yatsopano imangolowa ndi dzanja, apo basi habu yatha mugule ina.

Mayi a Tadala: Ine ndikuwerenga mwakachetechete koma zikundikhudza. Ndili ndi Probox imatenga katundu wa ku shopu ku Limbe, beringi ya mbali imodzi yomweyo ndasinthitsa mobwerezabwereza chaka chino pa galaja ina yake, nthawi zonse amandiuza kuti mayi munagula feki. Ndinafika pokagula yodula kwambiri koma yayambanso kulira. Ndingadziwe bwanji ngati vuto ndi kamangidwe? Ndalama zikupita abale.

Ruth Makaniko: Mayi pepani. Ma feki aliko ndithu sindikukana, koma mbali imodzi yomweyo kubwereza chonchi ine ndimayamba kukayikira ntchito. Zinthu zoti mukaone ndi maso anu ndi izi. Akakweza galimoto pa jeke gwirani tayala pamwamba ndi pansi mugwedeze, pa mtundu uwu sipayenera kumveka kugogoda kulikonse. Kenako akachotsa tayala yang'anani nati ya pakatiyo, ili ndi kamlomo kopyapyala kumapeto kwake ndipo pa shafuti pali kamsewu kakang'ono. Akamaliza kumanga amayenera kumenya kamlomoko ndi panchi kuti kalowe mu kamsewuko, mumaona kadzenje kamodzi kooneka bwino. Ngati mukuona kamlomo kali ndi mabala awiri atatu kong'ambika, ndiye kuti akubwezera nati yakale. Ngati sikanamenyedwe nkomwe nati imatha kubwerera yokha. Ndipo afunseni poika beringi amagwiritsa chiyani, chifukwa ena amaimenya ndi hamala kudzera pa mphete yamkati, mipira imasiya timabala mu njira yake, beringi yafa isanayende nkomwe. Polowetsa mu knuckle umakankha mphete yakunja, polowetsa habu umachirikiza mphete yamkati. Akaisemphanitsa, ngakhale mutagula ya kwa dila ilira basi.

Mayi a Tadala: Hamala ndinaiona ndithu. Ndipo atamaliza anakankha galimoto kuchotsa padzuwa kupita pansi pa mtengo nati asanamange, akuti akamangire pa mthunzi.

Madala a ku Bangula: Mayi apo ndiye pamene panaonongekera. Beringi ya mtundu umenewu siyisenza galimoto nati isanamangidwe, olo kukankha pang'ono pokha. Ndikudziwa dzuwa la kuno mwezi wa Okutobala sipanala imawotcha mmanja, koma mthunzi umasankhidwa ntchito isanayambe.

Yohane (Nchalo): Madala nanga timanga bwanji galimoto ili mmwamba, si habu izingozungulira?

Madala a ku Bangula: Bwezerani disiki ndi kalipa, mnzako akhale mkati aponde buleki mwamphamvu iwe ukumanga. Galimoto ikhale pa ma stand, osati pa jeke yokha kapena pa njerwa, chifukwa 216 ndi mphamvu yoti itha kuigwetsa. Ena amamanga kaye zolimba ili mmwamba, nkuika tayala lopanda kapu ya pakati, nkutsitsa kuti tayala lingokhudza pansi kenako nkumaliza ndi torque wrench (sipanala yoyeza mphamvu yomangira, imalira kuti tcha mukafika pa muyezo) kudzera pa bowo la pakati. Zimatheka. Chimene ndikukana ndi kuika giya nkumadalira gearbox kuti igwire, ndi kulowetsa chitsulo pakati pa ma stud (mabawuti omangapo tayala) opanda kanthu, mazinga a ma stud amaphwanyika.

Gift wa pa Dyeratu: zonsezi ndamva koma tinene chilungamo, kuyambira pa Kamuzu Bridge mpaka ku Marka ndi magalaja angati ali ndi torque wrench? ifeyo timagwira pansi pa mtengo, kasitomala akulipira ndalama yochepa, chida chimenecho mtengo wake ndi ntchito za mwezi. ndiye tisiye ntchito?

Ruth Makaniko: Funso limeneli ndi lenileni Gift sindikulinyoza. Ndipo ndiwonjezere, ma torque wrench ambiri otsika mtengo a half inch amathera pa 210, ndiye ngakhale amene ali nayo amapeza kuti siyikufika pa 216, ndipo kuigwiritsa kumapeto kwenikweni kwa sikelo siyikhala yolondola. Wogula ayang'ane yofika 300 kapena kuposa. Aonenso kuti akuwerenga mbali iti, pali mbali ya Nm ndi ya ft-lb, ukaika 159 ku mbali ya Nm wamanga mofewa, ukaika 216 ku mbali ya ft-lb wapitirira.

Aphunzitsi a ku Ngabu: Podikira kugula chidacho masamu aja atha kuthandiza, ndi bwino kuposa kungodumpha. Dziyezeni kaye kulemera kwanu pa sikelo, masikelo ali paliponse pogula nandolo ndi thonje. Wa makilo 70 ayeze ma sentimita 31 kuchokera pakati pa nati nkuika chizindikiro ndi choko pa bala, chitsulo chachitali chomangira chija, wa makilo 60 ayeze pafupifupi 37. Bala igone mopingasa bwinobwino osati yoloza mmwamba, ponda pa chizindikiro ndi phazi limodzi, kwezani linalo pang'onopang'ono osadumpha osagwira pa mudguard kuti mudzipepuze. Bala ikasiya kutsika mwafika pafupi ndi muyezo. Ikatsika kwambiri chotsani soketi muibwezere mopingasa muyambirenso.

Madala a ku Bangula: Aphunzitsi njira imeneyo ndimaivomera, ndaigwiritsapo kutchire galimoto itafera ku East Bank. Koma ikhale ya pangozi. Munthu amene ntchito yake ya tsiku ndi tsiku ndi ma Sienta onyamula ana a anthu agule chida, olo asonkherane anayi a pa malo amodzi. Ndipo mazinga akhale oyera ndi ouma, pukutani mchenga, osapaka gilizi kapena oilo pokhapokha buku litanena, chifukwa mazinga oterera amakoka kwambiri pa nambala yomweyo.

Bambo a Mphatso: Ndiye za Sienta ndagonja. Koma madala tafotokozani za minibasi zija bwinobwino kuti anyamata asatenge 216 nkukaika pa Hiace.

Madala a ku Bangula: Mbuya mwachita bwino kukumbutsa, imeneyo ndiye ngozi ina. Anandibweretserapo minibasi itakokedwa kuchokera mmunsi mwa phiri la Thabwa, dalaivala akuti anayamba kumva fungo la gilizi wopsa ali pakati potsika akuganiza kuti ndi mabuleki. Titachotsa kapu utsi unali ukutulukabe, gilizi atauma kusanduka makala, ma roller atasintha mtundu kukhala abuluu ena ataphwatalala mbali imodzi, keji yake itasweka, ndipo mphete yamkati itamatirira pa spindle, chitsulo chimene habu imazungulirapo, mpaka tinachita kuidula ndi grinder. Dzulo lake wina anali atamanga ndi paipi. Tayala limenelo likanapitirira pang'ono likanachoka ndi habu yomwe, pa makona aja, ndi anthu odzaza.

Kamangidwe kake ndi aka. Tsukani ma beringi, pakani gilizi wa ma wheel bearing mpaka atulukire mbali ina ya ma roller, osati kungopaka pamwamba. Seal ikhale yatsopano. Ikani washala wa kamano uja kenako nati, mangani ndi sipanala uku mukuzunguza tayala kutsogolo ndi kumbuyo kuti ma roller akhazikike, kenako masulani mpaka nati iziyenda ndi dzanja, osagwedeza tayala, nkumanganso mopepuka. Tayala lizizungulira momasuka popanda kugwira ndipo mukagwedeza pasamveke kugogoda. Mabuku a Toyota amanena zoyeza ndi kasikelo ka sipuling'i pa stud kuti muone mphamvu yoyambitsa habu kuzungulira, nambala yake imasiyana malinga ndi galimoto ndiye onani buku. Mukatero ikani kachipewa ka mano kovala pa nati ndi sipiliti pini yatsopano, bowo likapanda kukumana sinthani kachipewako makhalidwe mpaka likumane. Pa Hilux yakale ya 4x4 pali ma nati awiri ndi washala wopinda pakati, yoyamba ndi yochunira yachiwiri ndi yotsekera, mukamanga yachiwiri muyezenso chifukwa imakankha yoyamba.

Dalaivala wa Nsanje Blantyre: madala nanga msomali? ambiri amaika msomali wa 3 inchi mmalo mwa sipiliti pini akuti ndi wolimba kuposa

Madala a ku Bangula: Msomali ayi, waya wa sipoko ya njinga ayi. Sudzaza bowo, umagwedera mpaka kudyeka nkugwera mu gilizi. Sipiliti pini mtengo wake sufika botolo la Fanta, gulani paketi isungidwe mu bokosi la zida. Ndipo yakale yowongola ndi pulayala imathyoka popinda.

Ruth Makaniko: Pa zomwezo, alipo magalimoto ena okoka kutsogolo amene nati ya CV ili ndi mano ndi sipiliti pini, osati yomenya ndi panchi. Musapusitsidwe ndi pini nkuganiza kuti ndi ya mtundu wa minibasi. Ngati pali shafuti ya CV ikudutsa mu habu ndi beringi yotsekeratu, ndi ya muyezo waukulu, ndipo bowo likapanda kukumana mumapitiriza kumanga pang'ono, simubweza.

Dalaivala wa Nsanje Blantyre: china chomwe chikutimaliza kuno ndi madzi. kuyambira namondwe Ana mu 2022 kenako Freddy mu Malichi 2023 misewu inaduka malo ambiri tinkadutsa mmadzi ofika mu habu, ma beringi tinasintha ngati chiyani. mpaka pano dzinja likafika ku East Bank njira ya ku Fatima ndi matope okhaokha

Madala a ku Bangula: Eya, habu ikakhala yotentha nkulowa mmadzi ozizira mpweya wa mkati umachepa nkukoka madzi kudzera pa seal. Mukatsegula gilizi amaoneka ngati thobwa, ndipo mmadzi a mitsinje yathuyi muli mchenga wosalala umene umapera chitsulo. Pa minibasi ndi Hilux mwayi ulipo, mvula ikatha tsegulani mutsuke muike gilizi watsopano muchunenso. Pa Sienta palibe chotsegula, ikalowa madzi mumangodikira ilire. Ngati nkotheka imani kaye habu izizire musanawoloke. Ndipo beringi yolira chifukwa cha madzi siyichira pomanga nati, ndaona ena akuwonjezera paipi kuti phokoso lithe.

Yohane (Nchalo): Ndiye kumbuyo kwa Sienta nakonso ndi 216?

Ruth Makaniko: Kumbuyo pa ya 2WD kulibe nati yaikulu yoti muimange, habu imabwera yathunthu ndi beringi yake, imagwidwa ndi ma bawuti anayi, ikafa mumasintha yonse. Musamale waya wa sensa ya mabuleki a ABS pochotsa. Ndipo kutsogoloko musanamasule nati yakale tsegulani kaye pomwe anamenya paja ndi katchizulo kopyapyala, mukangoikoka ndi mfuti ya mphepo osatsegula kamlomoko kamadula mazinga potuluka. Mfutiyo ndi yomasulira, pomaliza kumanga ayi.

Gift wa pa Dyeratu: achemwali torque wrench ikalira kuti tcha timabwerezanso kangati kuti titsimikize?

Ruth Makaniko: Kamodzi basi, kokani pang'onopang'ono mutagwira pa chogwirira chake, ikangolira siyani. Mukabwereza mukuwonjezera. Mukamaliza ntchito ibwezereni pa nambala yotsika musanaisunge, osaigwiritsa kumasulira, osaiika paipi, osaiponya mu bokosi limodzi ndi mahamala.

Gift wa pa Dyeratu: ndilankhula ndi anzanga awiri a pano tione ngati tingasonkhe, wina akapita ku Limbe atifunsire mitengo ya yofika 300 ija

Mayi a Tadala: Ine Probox ndiitengera kwina. Pogula beringi ndigulenso chiyani kuti ndisabwererenso?

Madala a ku Bangula: Nati yatsopano ndi circlip (kamphete kotsekera beringi mu knuckle) yatsopano, ndipo musagule habu musanaione yakale. Akaichotsa pitani ndi chala pamene mphete imakhala, mukamva kamzere kapena mukaona pachita buluu ndiye mugule. Muuze wogulitsa ngati galimoto ili ndi ABS ndi chaka chake, ma beringi ena ali ndi mbali ya maginito yoyenera kuyang'ana ku sensa, ikalowa chagada nyali ya ABS siyizima ndipo poichotsa beringiyo imaonongeka. Kumene mukupitako mufunse kaye ngati press ali nayo galimoto asanaimasule.